Msasa pa Phiri la Zomba: Damu, Mbedza ndi Njira za M'nkhalango

Munthu ukaima pa depoti ya basi ku Zomba n'kukweza maso chakumpoto, umaona khoma la phiri lomwe limaoneka ngati lagwadira tauni yonse, pena lobiriwira, pena lili ndi zipsera za moto. Ambirife timangolidutsa pa msewu wa M3 popita ku Liwonde kapena ku Blantyre, ndipo timaganiza kuti pamwamba pake ndi posongoka ngati mapiri ena. Si mmene liliri. Pamwamba pa phiri la Zomba ndi potakasuka, pafupifupi masikweya kilomita 130, ndipo mbali yaikulu ili ngati beseni: m'mphepete muli nsonga zitalizitali, pakati n'polowa. Muli misewu ya fumbi, madambo, timitsinje, mathithi, hotela, minda ya mitengo ya boma, komanso damu lalikulu la Mulunguzi.

Tauni ya Zomba ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 950 kuchokera pa nyanja yamchere. Dera la Ku Chawe ndi damu lili cha m'ma 1,500, pomwe nsonga yaitali kwambiri, ya Malumbe, imapitirira pang'ono mamita 2,080. Kumpoto kuli chigwa cha Domasi chomwe chimalekanitsa phiri la Zomba ndi la Malosa. Manambala amenewa asakutopetseni, chifukwa ndi omwe adzatifotokozere za kuzizira kwa usiku, za mtundu wa nsomba zomwe zili kumeneko, ngakhalenso chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa.

Chaka chilichonse magulu a achinyamata, a Pathfinder, makwaya ndi makalasi omwe atsiriza mayeso amaganiza zokagona kumeneko. Ndi ganizo labwino. Koma malowa si bwalo la masewera wamba, ndipo chifukwa chake chimayambira pa damu.

Madzi omwe tauni yonse imamwa

Mtsinje wa Mulunguzi umayambira m'madambo a pamwamba pa phiri. Umatsika kudutsa pa mathithi a Williams ndi a Mandala, n'kudzaima m'damu, kenaka n'kugwera m'tauni kudzera m'khwawa lakuya. Ukadutsa m'tauni umakathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathera m'nyanja ya Chilwa. Kale padali damu laling'ono, koma chiwerengero cha anthu chitakwera lidayamba kuperewera. Damu lomwe tikuliona leroli lidamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo lidatha cha m'ma 2000. Amaliyang'anira ndi a Southern Region Water Board, omwe likulu lawo lili ku Zomba komweko.

Likadzaza, damuli limasunga madzi opitirira makiyubiki mita 3 miliyoni. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena tinene kuti zidebe 50 za malita 20. Choncho tikukamba za zidebe zoposa 150 miliyoni. Zikumveka zambiri, koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Zomba muli anthu oposa 105,000, ndipo pamwamba pa amenewa pali University of Malawi, chipatala chachikulu cha Zomba, chipatala cha odwala matenda a maganizo, asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende yaikulu, masukulu ogonera konko ndi misika. Kuyambira Meyi mpaka Novembala mvula yeniyeni kulibe, ndipo onsewa amadalira zomwe phiri lidasunga. Ubwino wake ndi wakuti damu lili pamwamba, tauni ili pansi, ndiye madzi amatsika okha m'mapaipi kupita komwe amakawayeretsa.

Damu limangolandira, chomwe chimasunga madzi kwenikweni ndi nthaka ya kumtunda kwake. Mvula ikagwa pa malo a mitengo ndi udzu, madontho amayamba amenya masamba, n'kugwera pa zinyalala zowola, n'kulowa pansi pang'onopang'ono. Madzi amenewa amatuluka m'akasupe ndi m'madambo patapita miyezi, n'chifukwa chake Mulunguzi amayendabe mu Okutobala dzuwa lili phwee. Koma pomwe mitengo yadulidwa ndipo moto wadutsapo, mvula imamenya dothi lambee, madzi amathamanga tsiku lomwelo atanyamula dothi, n'kukalitula m'damu. Zotsatira zake ndi ziwiri. Matope amadya malo omwe mukadakhala madzi, ndipo madzi odetsedwa amafuna mankhwala ochuluka kuti ayere. Mtengo wa zimenezi umakafika pa bilu ya mayi wa ku Chinamwali kapena ku Matawale yemwe mwina sadakwerepo phirilo.

Kumunsi nkhani ndi yomweyo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imadalira mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe. Idaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka, mabwato atakhala pa mtunda. Asodzi a matemba a ku Kachulu ndi alimi a mpunga a m'mbali mwa Likangala amamwa nawo za phiri lomweli. Choncho mukamanga tenti pafupi ndi Mulunguzi, mwagona kumutu kwa chitsime cha anthu ambirimbiri, ndipo malamulo onse a pa msasa omwe titchule m'munsimu akuchokera pamenepa.

Nkhalango ya boma

Zomba idakhala likulu la boma kuyambira 1891, nthawi ya Harry Johnston, mpaka 1975 pomwe likulu lidasamukira ku Lilongwe. Aphungu adapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Atsamunda adakonda malowa kaamba ka madzi ndi kamphepo kozizira, ndipo mu 1913 phirili adaliika m'gulu la nkhalango zotetezedwa, imodzi mwa zoyambirira m'dziko muno. Mitengo yambiri yomwe mudzaione si yachilengedwe cha kuno. Ndi paini, makamaka mtundu wa Pinus patula wochokera ku Mexico, womwe adadzala kuti azicheka matabwa. Adadzalanso mkungudza wochokera ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, womwe dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, limakumbutsa Alexander Whyte, katswiri wa zomera yemwe adagwira ntchito ku Zomba m'zaka za m'ma 1890. Nkhalango yeniyeni ya makolo idatsala m'makwawa ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo mukalowamo mudzamva kusiyana: pansi pa paini pamakhala zii, pomwe m'nkhalango yachilengedwe muli mbalame, zilambe, ndere ndi fungo la dothi lonyowa. M'menemo ndi momwe mumapezeka kambalame kotchedwa yellow-throated apalis, komwe kwawo ndi mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa basi.

Amene adakwerako zaka 30 zapitazo akabwerera lero amagwira pakamwa. Malo ambiri omwe adali mdima wa mitengo tsopano ndi zitsa ndi tchire. Pokwera mudzakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi abambo akutsitsa njinga zodzaza nkhuni, mabuleki ali utsi. N'kosavuta kuwaloza chala, koma nkhunizo ndi makala zimakathera m'makhitchini a m'tauni, kuphatikizapo a ife ophunzira magetsi akathima. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mtengo, kuotcha makala kapena kuyatsa tchire m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Mlendo wodzagona masiku awiri lamuloli limamukhudzanso. Mtengo wauwisi wodula kuti mupange mzati wa tenti kapena benchi la pa msasa ndi mlandu ngati wina aliyense.

Kumanga msasa

Ife a mpingo tidazolowera misonkhano ya misasa, komwe timamanga timisasa ta udzu kapena matenti pafupi ndi tchalitchi, mjigo uli poteropo, chimbudzi chili chokumbidwa kale, ndipo mchere ukatha mwana amathamangira ku okala. Kuphiri zonsezi kulibe. Chinthu choyamba ndi kupita kapena kutuma munthu ku ofesi ya za nkhalango ku Zomba kukafunsa malo omwe akuloleza kugona nthawi imeneyo, ndalama zolowera, ndi ngati pali mlonda. Pali malo odziwika omangapo matenti cha kufupi ndi Ku Chawe ndi ku Trout Farm, koma kayendetsedwe kake ndi mitengo zimasinthasintha. Safunsa adadya phula. Gulu la anthu 40 lisangotulukira Lachisanu madzulo n'kuyamba kukhoma zikhomo pomwe laona udzu wabwino m'mbali mwa damu.

Chomwe chimagonjetsa anthu ambiri usiku woyamba ndi kuzizira. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera. Ndiye kuti pa damu pamazizira ndi madigiri 3 kapena 4 kuposa m'tauni, ndipo ku Malumbe ndi pafupifupi 7, tisanawerengere mphepo. Mu Juni ndi Julayi kumabweranso chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu komwe dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, komwe mphepo yonyowayo imadzera. Munthu wochokera ku Nsanje kapena ku Nkhotakota, yemwe kwawo amagona ndi chitenje chokha, amafunika kuuzidwa zimenezi momveka bwino. Ndipo pali chinsinsi chomwe ambiri sachidziwa: kuzizira kwambiri kumachokera pansi, osati pamwamba. Dothi limayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse. Bulangete limodzi pansi ndi limodzi pamwamba zimafunditsa kuposa awiri pamwamba mutagona pa pulasitiki yekha. Yalani pulasitiki, kenaka mkeka kapena katoni, kenaka bulangete. Chipewa cha ulusi ndi sokosi zouma zogonera zokha n'zopepuka m'chikwama koma ntchito yake ndi yaikulu.

Mnzanu akanyowa n'kuyamba kunjenjemera kosalekeza, kulankhula mokoka lilime, kupunthwa kapena kuoneka wosokonezeka, musamuseke kuti ndi wofooka. Thupi lake likutaya kutentha msanga kuposa momwe likupangira, ndipo zimenezi zimapha. Muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumukulunge m'mabulangete pamodzi ndi mutu, ndipo ngati akutha kumeza mumpatse chakumwa chofunda cha shuga. Akapanda kusintha, mutsike naye.

Posankha pomanga, pewani pansi pa khwawa ndi m'mbali mwenimweni mwa mtsinje, ngakhale pataoneka pouma ndi posalala. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo anthu a ku Zomba amadziwa tanthauzo lake kuposa wina aliyense. Mu Disembala 1946 kudagwa chimvula cha masiku awiri, mbali zina za phiri zidagumuka, ndipo madzi osakanikirana ndi miyala ndi mitengo adatsika m'makwawa n'kukokolola milatho ndi nyumba. Anthu oposa 20 adafa. Anthu adati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe amati chikamasamuka chimang'amba nthaka. Akatswiri amafotokoza kuti dothi la pamalo otsetsereka likakhuta madzi limalemera n'kuterereka pa mwala womwe uli pansi pake. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatikumbutsa zomwezo ku Soche, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje. Mvula itha kugwa kumtunda inu osaiona, madzi n'kukupezani muli m'tulo. Ndi chifukwa chake ineyo ndimaona kuti gulu lomwe lili ndi ana lisakonze msasa wa kuphiri pakati pa Disembala ndi Malichi. Miyezi ya Epulo ndi Meyi ndi yokoma: kukadali kobiriwira, mathithi ali ndi madzi ambiri, ndipo kuzizira sikunafike pachimake. Yang'ananinso m'mwamba musanakhome chikhomo, kuopa nthambi zouma za paini zomwe zimathyoka ndi mphepo, ndipo yang'anani pansi ngati pali mzere wa linthumbu.

Tsopano za chimbudzi, nkhani yomwe atsogoleri a magulu amachita nayo manyazi. Pomwe pali chimbudzi chomangidwa, aliyense agwiritse ntchito chimenecho, ngakhale chitakhala patali usiku. Pomwe palibe, kumbani dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, pa mtunda wosachepera mamita 60 kuchokera ku mtsinje, dambo kapena damu, ndiye kuti mapazi akuluakulu pafupifupi 70, n'kukwirira mukatha. Gulu lalikulu likumbe ngalande imodzi tsiku loyamba ndi kumathiramo dothi nthawi iliyonse. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake ndi yomweyi: chimbudzi cha munthu mmodzi kukafika m'madzi a anthu ena. Kutsuka mbale, kuchapa ndi kusamba ndi sopo kuchitikenso kutali ndi mtsinje. Tungani m'chidebe, mukasambire pa mtunda. M'damu musasambiremo n'komwe. Ndi lakuya, m'mbali mwake m'moterera, madzi ake ndi ozizira moti amagwira minofu ngakhale ya katswiri wa ku Mangochi, ndiponso ndi madzi akumwa.

Madzi a m'timitsinje amaoneka oyera mbee, koma kumtunda kwake kumadutsa anthu ndi anyani. Awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thiranimo mankhwala a kolorini. Pa mtunda wa mamita 1,500 madzi amawira pa madigiri 95 m'malo mwa 100, chifukwa mpweya womwe umawapsinja ndi wochepa. Tizilombo timafabe, koma nyemba zouma zimatenga nthawi yaitali ndi nkhuni zambiri. Ziviikeni usiku, kapena bwerani nazo zophikaphika, kapena mungodalira soya, mazira, chiponde ndi mbatata.

Moto ndi mdani wamkulu wa phirili, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Masamba ouma a paini ali ndi utomoni ndipo amayaka ngati athiridwa parafini. Choopsa china, moto umatha kuyenda pansi pa masambawo osaoneka, n'kudzabuka anthu atapita. Sonkhani moto pamalo pomwe ena adasonkhapo kale kapena pa mbaula, mutapalira mozungulira mpaka dothi kuoneka. Pochoka thirani madzi, vundulani phulusa, thiraninso, mpaka mutaligwira ndi dzanja osamva kutentha. Chakudya chonse chikhale chotsekera, pakuti anyani ndi apusi a kumeneko adazolowera alendo, ndipo mukawaponyera nthochi kamodzi mawa amabwera ndi abale awo.

Kwa gulu lomwe likukakhalako pa Sabata, nthawi ndi yofunika kuiwerengera bwino. Ku Zomba dzuwa limalowa cha m'ma 5:20 mu Juni, ndipo mu Disembala limalowa itangopitirira 6 koloko. Koma m'kati mwa beseni la phiri limabisika msanga kuseri kwa zitunda, ndipo pansi pa mitengo mdima umagwa changu. Amene akufuna kuti matenti akhale ataima, madzi atatungidwa ndi chakudya cha Sabata chitapsa dzuwa lisanalowe, anyamuke m'tauni Lachisanu isanakwane 12 koloko masana. Ulendo wautali wa ku nsonga ndi mbedza zidikire tsiku la Sande.

Nsomba ya madzi ozizira

Mbiri ya ulimi wa nsomba m'Malawi imayambira pa phiri lomweli. Mu 1906 azungu adabweretsa nsomba yotchedwa rainbow trout n'kuiika m'mitsinje ya pamwamba pa Zomba, osati kuti anthu adye, koma kuti mabwana a boma aziwedza posangalala. Kwawo kwenikweni kwa nsombayi ndi mitsinje ya kumadzulo kwa North America yomwe imathira m'nyanja ya Pacific. Ili ndi timadontho takuda pamsana ndi mzere wofiirira m'nthiti. Malo otchedwa Trout Farm adakhazikitsidwa kuti aziswetsa ndi kulera ana a nsombayi m'maiwe odutsa madzi a Mulunguzi. M'madamu a pa phirili mudaikidwanso bass, nsomba ina ya ku America yomwe imadya zinzake.

N'chifukwa chiyani trout amakhala pa Zomba, pa Mulanje ndi pa Nyika, koma osati ku Liwonde? Yankho lili mu mpweya. Nsomba imapuma okosijeni yemwe wasungunuka m'madzi, ndipo madzi ozizira amasunga okosijeni wambiri kuposa ofunda: pa madigiri 10 lita imodzi imatha kusunga mamiligalamu pafupifupi 11, pomwe pa madigiri 30 imasunga osakwana 8. Chambo ndi makumba amakondwa m'madzi ofunda, ndipo mlamba amatha kukhala ngakhale m'matope chifukwa amameza mpweya wa kunja. Trout satero. Madzi akapitirira madigiri 20 amayamba kuvutika, ndipo akafunda kwambiri amafa. Amafunanso timiyala toyera pansi pa mtsinje poikira mazira. Matope akakwirira timiyalato mazira amabanika. Ndiye onani: mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, dzuwa limafunditsa madzi ndipo dothi limalowa. Nsomba yobwera ngati mlendoyi yasanduka ngati sikelo yoyezera umoyo wa mtsinje. Musayembekezere kuti mudzaipeza yochuluka monga momwe mabuku akale a alendo amanenera.

Kawedzedwe kake n'kosiyana ndi komwe tidazolowera. Kwathu timatenga nsungwi, chingwe, mbedza ndi nyongolotsi, n'kukhala pansi kudikira. Trout amadya tizilombo touluka tomwe timagwera pamadzi ndi ana ake omwe amakhala pansi pa miyala, choncho owedza amamanga tinthenga ndi ulusi pa mbedza kuti ioneke ngati kachilombo, n'kuiponya mopepuka ndi ndodo yofewa kuti itere pamadzi ngati yamoyo. Nsombayi imaona bwino ndipo ndi yamantha. Chithunzithunzi chanu chikagwera pamadzi kapena mukaponda mwamphamvu m'mbali, yapita. Nthawi yabwino ndi m'bandakucha ndi madzulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kunena zoona gulu la achinyamata 30 oimba makolasi si gulu logwira trout. Amene akufunadi kuwedza apatuke awiri kapena atatu.

Musanaponye mbedza, funsani za chilolezo ndi za nyengo yomwe kuwedza kumatsekedwa kuti nsomba ziswane, komanso ngati a Water Board akuloleza kuwedza pa damu lalikulu nthawi imeneyo. Kumtunda kuli damu lina laling'ono la Chagwa, lomwe lili pa malo abata kwambiri. Maukonde, masikito ndi mono zilibe malo kumeneko. Za katupe ndi mankhwala ena ophera nsomba n'zosayenera ngakhale kuzitchula pa madzi omwe akupita ku mipope ya chipatala. Ndipo poti funsoli silingalephere kubuka pa moto madzulo: trout ndi bass onse ali ndi zipsepse ndi mamba, choncho amakwana pa muyeso wa pa Levitiko 11. Mamba a trout ndi aang'ono kwambiri moti ena amayesa kuti alibe, koma mukapala ndi mpeni mudzawaona. Komabe ndiwo za msasa mubwere nazo kuchokera kumunsi. Mbedza ikhale yongoonjezera.

Njira za pa phiri

Pokwera pali njira ziwiri. Msewu wa tala wokhotakhota umachoka m'tauni kudutsa kumtunda kwa maofesi akale a boma mpaka ku Ku Chawe, ulendo wosakwana theka la ola pa galimoto. Oyenda pansi amadzera njira yotchedwa Potato Path, yomwe dzina lake lidabwera kaamba ka alimi omwe ankatsitsira mbatata ya kachewere ku msika kudzera m'menemo. Ndi yachidule koma yoimirira, ndipo munthu wosenza chikwama awerengere maola awiri. Nzeru yabwino ndi kutumiza matenti, ufa ndi mapoto pa galimoto imodzi, anthu n'kukwera pansi ndi madzi akumwa okha.

Mukafika pamwamba, ulendo wosavuta ndi wotsata Mulunguzi kuchokera ku damu, kudutsa mathithi a Mandala ndi Trout Farm mpaka ku mathithi a Williams. Ndi njira ya mthunzi, ya phokoso la madzi, yoyenera ana ndi akuluakulu omwe, ndipo ndi yomwe ingakomere gulu pa Sabata masana popanda kutopetsa munthu. Miyala ya pa mathithi ndi yoterera. Ambiri omwe amavulala pamenepa amakhala akubwerera chambuyo kuti chithunzi cha pa foni chituluke bwino.

Ulendo wotalikirapo ndi wopita kum'mawa, ku Queen's View ndi Emperor's View. Malo oyambawo adatchedwa choncho pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth II, omwe adacheza ku Nyasaland mu 1957. Achiwiriwo akukumbutsa Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia, yemwe adafika kuno mu 1965, ndipo mpaka lero a Rasta amawalemekeza malowo. Kunja kukayera mumaona tauni yonse pansi panu ngati mapu, chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo patali phiri la Mulanje. Mu Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire umaphimba zonsezi, ndiye amene akufuna kuona patali apite mvula itangosiya.

Chakumadzulo kuli Chingwe's Hole, dzenje lakuya lobisika m'mitengo pafupi ndi phompho loyang'ana ku chigwa cha Shire. Nkhani zake n'zambiri: ena amati mafumu akale ankaponyamo adani awo, ena amati ankatayamo akhate. Operekeza alendo aliyense ali ndi kafotokozedwe kake. Kuchokera ku Ku Chawe, kupita ndi kubwera ndi ulendo wa tsiku lathunthu, chimodzimodzi wa ku Malumbe, choncho nyamukani kukangocha mutanyamula malita awiri a madzi aliyense, chakudya, jekete la mvula ndi tochi, ngakhale mukuganiza kuti mubwerako dzuwa likadalipo.

Chomwe chimasocheretsa anthu pa phirili si kutalika kwake koma kuchuluka kwa njira. Misewu ya odula mitengo ndi tinjira ta otola nkhuni zimapingasana paliponse, zimafanana, ndipo malo omwe chaka chatha adali nkhalango chaka chino ndi poyera. Nkhungu ikatsika, mnzanu yemwe ali mamita 10 patsogolo simumuona, ndipo m'mphepete mwa phiri muli maphompho. Ikakupezani pamalo oterowo, imani pamodzi mudikire. Foni imagwira m'malo ena, m'makwawa imataya, ndipo batire limatha msanga kukazizira. Lembani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo omwe amapezeka cha ku Ku Chawe, mugwirizane mtengo musananyamuke; gulu likasonkherana sizilemera, ndipo ndalamayo imapatsa anthu a m'mbali mwa phiri chifukwa choonera nkhalango ngati chuma ikadali chiimire. Woyenda pang'onopang'ono akhale kutsogolo, mtsogoleri mmodzi atsalire kumbuyo, ndipo muziwerengana pa mphambano iliyonse. Osavala patapata. Njoka ngati mphiri sithawa, imangogona m'njira kuothera dzuwa. Wina akalumidwa musatemere, musayamwe, musamange chingwe chothina. Muvuleni mphete ndi nsapato, mwendo usagwedezeke, mumunyamule mpaka pa msewu ndi kuthamangira naye ku chipatala chachikulu cha Zomba.

Potsika mudzapeza ana ndi achinyamata m'mbali mwa msewu akugulitsa sitiroberi, mabulosi ndi tizipatso tachikasu ta minga tomwe mbewu yake idachokera ku mapiri a Himalaya n'kufalikira m'tchire la kumeneko. Ena amagulitsa miyala yonyezimira yokumbidwa ku Malosa, yomwe ina mwa iyo, monga wakuda wotchedwa aegirine, imapezeka m'nyumba zosungiramo miyala za ku Ulaya. Sungani ndalama zing'onozing'ono za zimenezi, ndipo zipatsozo mukazitsuke musanadye. Mabotolo, mapepala a bisiketi, majumbo ndi mabatire akutha zilowe m'thumba limodzi lomwe lidzatsike pa galimoto ya katundu ija, chifukwa pamwamba palibe amene amadzatola. Amene asankha kutsikira pa Potato Path adule liwiro ndi kutenga ndodo kuchokera kunyumba: kutsika kumapweteka maondo kuposa kukwera, ndipo masamba ouma a paini amaterera ngati sopo.